Kukagona ku ryokan: zoti mudziwiretu musanapite

Abale amene muli ku Japan kuno, kaya munabwerera sukulu kaya ntchito, chonde musadzabwerere kumudzi musanagoneko ku ryokan ngakhale usiku umodzi. Ndi nyumba za alendo zachikale zija, zambiri zimakhala ndi madzi otentha ochokera pansi omwe amati onsen. Hakone ndi kufupi ndi Tokyo, Kusatsu ili ku Gunma, amene muli ku Kyushu ndiye Beppu muli nayo pakhomo.

Pobukitsa muonetsetse, mtengo amawerengera munthu mmodzi osati chipinda, koma nthawi zambiri chakudya chamadzulo ndi cham'mawa chimakhala momwemo. Fikani cha m'ma 3 koloko masana poti chakudya amapereka m'ma 6 kapena 7, ndipo ngati simudya nkhumba kapena nsomba yaiwisi neneranitu tsiku lobukitsalo, akaphika aphika basi. Nsapato mumavula pakhomo, akupatsani masilipasi koma pa mphasa ya tatami osapondapo nawo. Chovala chija cha yukata, mkanjo wopepuka womwe amakupatsani kuti muzivala kumeneko, mbali yakumanzere ikhale pamwamba, mukatembenuza ndi momwe amavekera maliro.

Tsopano nkhani yomwe imabweza anthu ambiri ndi ya kubafa. Eya, mumalowa osavala kalikonse, ngakhale kabudula ayi. Ndikudziwa kwa ife ndi zovuta, makamaka poganiza kuti mwina ndiwe wakuda wekha m'menemo ndiye aliyense akuyang'ana, koma kunena zoona anthu amakhala ali pa zawo, chomwe chingawakhumudwitse ndi munthu kulowa m'dziwe asanasambe. Khalani pa kampando, sambani ndi sopo bwinobwino, mafuta odzola onse achoke, tsukuluzani thovu, kenako ndiye mulowe pang'onopang'ono chifukwa madzi ake amafika madigiri 40 mpaka 42. Katawulo kakang'ono kamene amakupatsani kaja kasakhudze madzi, ikani pamutu. Azimayi amene munaluka tsitsi lalitali mangani m'mwamba. Foni siyani kuchipinda.

Pakhomo la bafa, katani wofiira nthawi zambiri ndi kwa akazi, wabuluu kwa amuna, koma malo ena amasinthanitsa m'mawa ndiye muziyang'ana nthawi iliyonse.

Ngati manyazi akukanikabe, kapena muli ndi tatuu poti malo ambiri amakaniza, funsani bafa la kashikiri, mumalowa nokha kapena ndi banja lanu n'kutseka chitseko. Mukamva kafungo ka mazira owola musadabwe ndi sulufule, ingovulani mphete ndi ndolo zasiliva chifukwa zimada.