Momwe mungakonzere ulendo wa banja lonse wopita ku Zanzibar muli ndi ana

Abale ambiri timangoonana pamaliro ndi paukwati. Wina ali ku Mzuzu, wina ku Joni, wina ku Mangalande, ndipo ana akukula osadziwana ndi asuweni awo. N'chifukwa chake mabanja ena ayamba kusonkherana kuti akapume limodzi, ndipo Zanzibar ndi chilumba chimene Mmalawi amafikako popanda viza. Koma ulendo wokhala ndi agogo, azakhali, alamu ndi ana oyamwa sukonzedwa chisawawa. Pokonza chilichonse muziganizira anthu awiri: mwana wamng'ono kwambiri ndi munthu wachikulire kwambiri pagulupo. Chimene awiriwa sangachikwanitse, chisiyeni.

Yambani ndi nkhani ya ndalama

Musanayambe kutumizirana zithunzi za mchenga woyera pa gulu la WhatsApp, gwirizanani za msonkhamsonkha. Kodi nyumba iliyonse ilipira malinga ndi chiwerengero cha anthu ake, kapena malinga ndi kapezedwe kake? Nanga za agogo alipira ndani? Mafunso amenewa amachititsa manyazi, koma mukawazemba kunyumba adzakupezani kunyanja, ndipo kumeneko amatha kudanitsa abale. Sankhani msungichuma mmodzi wosaopa kukumbutsa amalume za ngongole yawo, ndipo zonse zizilembedwa poti aliyense aziona. Kuyamba kusonkha kutatsala chaka n'kwabwino.

Kwacha sigula kanthu ku Zanzibar. Kumeneko n'kwa shilingi ya Tanzania. Poti ndalama zakunja zimavuta kupeza m'mabanki mwathu, gawanani motere: abale a kunja alipire malo ogona ndi inshulansi pogwiritsa ntchito makadi awo, a kumudzi kuno alipire mayendedwe ndi zina zolipirika m'makwacha. Mukatenga madola, akhale atsopano, chifukwa akale ndi ong'ambika amakanidwa. Ikani padera gawo limodzi mwa magawo 10 a thumba lonse, la zadzidzidzi.

Sankhani mwezi

Mvula yaikulu ku Zanzibar imagwa kuyambira Malichi mpaka Meyi, ndipo ina yocheperako imabwera cha mu Novembala. Kuyambira Juni mpaka Okutobala kumakhala kouma ndi kozizirirako, zomwe zikugwirizana bwino ndi tchuthi chachitali cha sukulu cha mu Ogasiti. Disembala amakopa ambiri chifukwa a ku Joni amakhala pa holide, koma kumatentha koopsa ndipo mitengo ya malo ogona imakwera. Ine ndingasankhe Ogasiti. Onaninso kuti mwezi wa Ramadan ukugwa liti chaka chimenecho, poti anthu ambiri pachilumbachi ndi Asilamu ndipo malo ambiri odyera m'tauni satsegula masana.

Mapepala

Aliyense, ngakhale khanda, akhale ndi pasipoti yakeyake, yotsala ndi miyezi 6 kapena kuposerapo isanathe ntchito. Zanzibar ndi mbali ya Tanzania kuyambira mu 1964, koma ili ndi boma lake, ndipo mapasipoti amaonedwanso padoko ngakhale mukuchokera ku Dar es Salaam. Pa ulendo wa banja lalikulu pamakhala ana amene makolo awo atsala; mwana wotere atengeredwe chikalata cha kubadwa ndi kalata ya chilolezo yosainidwa ndi makolo ake.

Kuyambira pa 1 Okutobala 2024, mlendo wolowa ku Zanzibar amayenera kugula inshulansi ya bungwe la Zanzibar Insurance Corporation, ngakhale ali ndi ina kale. Mtengo wake unayikidwa pa madola 44 pa munthu, ndipo imagulidwa pa intaneti. Gulirani aliyense musananyamuke, ndipo onani patsamba lawo mtengo wa ana. Abale odzera ku Nairobi kapena ku Addis Ababa amene akhale pabwalo la ndege maola oposa 12 akhale ndi khadi la katemera wa yellow fever.

Njira

Pamsewu, kuchoka ku Lilongwe kudzera ku Karonga, pachipata cha Songwe, Mbeya, Iringa ndi Morogoro mpaka ku Dar es Salaam ndi makilomita oposa 1,500. Kwa achinyamata ndi ulendo wosangalatsa, makamaka poti msewu umadutsa pakati pa nkhalango ya Mikumi, pomwe ana amatha kuona mbidzi, njovu ndi akadyamsonga ali pawindo. Kwa agogo odwala msana ndi mayi woyamwitsa ndi chilango. Palibe lamulo loti nonse muyendere limodzi. Agogo, makanda ndi amayi awo akwere ndege ya Malawi Airlines yopita ku Dar es Salaam, otsalawo ayende pabasi n'kugona ku Mbeya, mukakumane ku Dar. Kumbukirani kuti nthawi ya ku Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi, ndiponso kuti majumbo apulasitiki ndi oletsedwa m'dzikolo kuyambira mu 2019.

Kuchoka ku Dar, maboti othamanga a Azam Marine amatenga pafupifupi maola awiri kukafika ku Stone Town, tauni yakale ya ku Zanzibar. Matikiti gulani pa intaneti kapena mu ofesi yeniyeni ya kampaniyo. Anyamata okuthamangirani panja musawapatse ndalama kapena chikwama. Kwerani boti la m'mawa. M'miyezi ya Juni mpaka Ogasiti kumaomba mphepo ya mwera, ndipo masana mafunde amakula, ana n'kuyamba kusanza. Muwadyetse zopepuka, akhale pakati pa boti.

Gombe: apa ndiye musalakwitse

Ife tinazolowera nyanja ya Malawi, yomwe pamene mwaisiya m'mawa ndi pomwe mudzaipeza madzulo. Nyanja yamchere siitero. Kawiri patsiku madzi amaphwera n'kubwereranso, ndipo nthawi yake imasuntha ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse. Kugombe la kum'mawa, monga ku Paje, Jambiani ndi Matemwe, madzi amathawa mtunda wautali ndithu, moti mutha kufika masana ana atavala kale zosambira n'kupeza mchenga wokhawokha. Kumpoto, ku Nungwi ndi Kendwa, madzi sapita kutali ndipo mutha kusambira pafupifupi tsiku lonse, koma kumadzaza anthu, kuli phokoso la usiku, ndipo n'kodula.

Ndiye sankhani potengera ana anu. Ngati ambiri ndi a zaka 10 kupita m'mwamba, ofuna kusambira osatuluka, pitani kumpoto. Ngati ambiri ndi ang'onoang'ono, kum'mawa n'kwabwino kuposa mmene anthu amaganizira: madzi akaphwera amasiya timaiwe tosaya momwe mwana wa zaka zitatu amasewera mosaopsa, akuona nkhanu ndi amayi olima ndere za m'nyanja. Nyumba n'zotsikirako mtengo, ndipo agogo amagona tulo. Chofunika ndi nsapato zolowa nazo m'madzi, chifukwa pansi pamakhala tizilombo taminga ngati kanungu, tobaya kowawa zedi. Funsani eni nyumba nthawi imene madzi akubwerera tsiku limenelo, poti amabwera mwakachetechete ndipo amatha kuzinga ana amene apita kutali.

Pagulu lalikulu ngozi imabwera chifukwa aliyense amaganiza kuti wina akuyang'ana ana. Gawanani maola. Amene ali pantchitoyo aime m'mphepete mwa madzi, foni ili m'chikwama, mpaka wina adzamulandire ndi mawu omveka. Mtsikana wa zaka 13 asasiyiridwe udindo umenewu chifukwa choti ndiye wamkulu pa anzake.

Nyumba ndi chakudya

Kwa anthu oposa 10, kuchita lendi nyumba yonse yokhala ndi khichini kumaposa kutenga zipinda zambiri kuhotela. Funsani ngati mabedi onse ali ndi maneti, ngati pali chipinda chapansi cha agogo, ngati dziwe losambira lili ndi mpanda, komanso ngati msonkho wa alendo wa usiku uliwonse uli kale mumtengo. Ufa wa chimanga, mpunga, nyemba ndi nsomba zimapezeka mosavuta, choncho nsima siisowa. Madzi akumwa akhale a m'botolo. Malungo aliko: onanani ndi dokotala musananyamuke, ndipo tengani Thanzi ORS, mankhwala oziziritsa thupi a ana, mafuta oteteza ku dzuwa ndi mankhwala a agogo okwanira ulendo wonse.

Tsiku limodzi, chinthu chimodzi

Bwerekani minibasi imodzi yokhala ndi dalaivala m'malo mothithikana m'madaladala, magalimoto onyamula anthu a kumeneko. Ku nkhalango ya Jozani ana akaona apusi ofiira kumsana opezeka ku Zanzibar kokha. Pachilumba cha Changuu pali akamba akuluakulu amene makolo awo anachokera ku Seychelles mu 1919; musakwere boti lopita kumeneko ngati mulibe majekete oyandamitsa okwana mwana aliyense. Pakati pa masiku oyenda ikani tsiku longokhala.

Ku Stone Town valani modzilemekeza. Chitenje chimathandiza, ndipo zosambira zithere kugombe. Musachokeko osalowa m'tchalitchi cha Anglican cha Christ Church, chomwe anayamba kumanga mu 1873 pamalo pomwe panali msika wa akapolo. Ambiri mwa ogulitsidwa pamenepo anachokera kuno kwathu: ankaoloka nyanja pa Nkhotakota m'nthawi ya a Jumbe, n'kuyenda pansi mpaka ku Kilwa. M'tchalitchimo muli mtanda wosemedwa ndi mtengo wa ku Chitambo, ku Zambia, umene pansi pake anakwirira mtima wa David Livingstone. Ana a sekondale atsike nawo m'zipinda za pansi pa nthaka zomwe amati ankatsekeramo akapolo, ndipo agogo awafotokozere zimene anamva kwa makolo awo. Ang'onoang'ono atsale panja ndi azakhali.

Pobwerera, olokani kupita ku Dar tsiku limodzi ndege kapena basi isananyamuke. Nyanja ikavuta maboti amachedwa, ndipo kugulanso matikiti a anthu 15 si zinthu zimene thumba la zadzidzidzi lingakwanitse.