Nyimbo ya mu gemu yanu ili ndi mwini wake

Anzanga amene mukupanga magemu ndi ma app a pafoni kuno ku Zomba, makamaka inu a ku Chirunga, samalani ndi nyimbo. Kugula nyimbo, kapena kuipeza pa YouTube, sikukupatsani ufulu woiyika mu gemu. Mwagula kumvera basi.

Nyimbo imodzi imakhala ndi umwini pawiri: wa amene anaipeka, ndi wa amene anaijambula mu situdiyo. Woimba akhoza kukuuzani kuti "tengani achimwene", koma mwini chojambulacho n'kukhala wina. Funsani onse awiri, ndipo chilolezo chikhale cholembedwa: dzina la gemu, zaka zingati, maiko ati, ndalama zingati. Lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza nyimbo moyo wonse wa wopeka ndi zaka 50 atamwalira. Ngakhale nyimbo zamakolo musangotola poti wopeka sadziwika, lamuloli limazitetezanso. Mukasowa poyambira, funsani a COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo ndi ntchito zina za luso m'Malawi muno.

Nyimbo za ulere za Creative Commons, zimene eni ake amalola anthu kuzigwiritsa ntchito potsata malamulo ena, zilipo zambiri, koma werengani zilembo za pa chilolezo chake. BY ndiye kuti mutchule mwini, NC ndiye kuti osachitira malonda. Gemu yoonetsa zotsatsa malonda ikupanga ndalama, choncho ya NC isiyeni.

Mwini nyimbo akadandaula ku Google Play, app ikhoza kuchotsedwa. Ine ndimaona kuti n'kwapafupi kulipira mnyamata wa kiyibodi wa ku Matawale kapena ku Chinamwali akupangireni kanyimbo katsopano, musainirane pepala tsiku lomwelo.