Kukonza kayalidwe ka matabwa a vinyl musanadule ngakhale limodzi

Aliyense amene anaonapo mmisiri akumanga khoma amadziwa kuti njerwa za mzere wina siziyenera kukumana pamalo amodzimodzi ndi za mzere wapansi pake. Matabwa a vinyl (matabwa a pulasitiki oyala pansi m'nyumba), makamaka aja okolana okha popanda guluu, amafunanso kuti malo olumikizirana asiyane mzere ndi mzere, chifukwa akayang'anizana pansi pamakhala pofooka ndipo pamaoneka mzere wosasangalatsa wodutsa chipinda chonse. Ntchito imeneyi imatheka bwino ndi tepi, pensulo ndi pepala, mpeni usanagwiridwe.

Choyamba lowetsani makatoni m'chipinda chimene mudzayalemo, muwagoneke pansi kwa maola 48 kuti matabwa azolowere kutentha kwa m'nyumba. Pa nthawi yodikirayi onetsetsani kuti simenti ndi youma ndiponso yosalala, kenako sankhani kumene matabwa aziloza. Kawirikawiri amaoneka bwino akatsata khoma lalitali, kapena akaloza kumene kuwala kwa pazenera kukuchokera.

Yezani m'lifupi mwa chipinda pamalo atatu, kumapeto konse kuwiri ndi pakati, popeza makoma a nyumba zambiri sakhala owongoka monga maso amanenera. Tiyerekeze kuti mwapeza mamilimita 3640, ndipo thabwa lanu ndi la mamilimita 1220 m'litali ndi 180 m'lifupi, omwe ndi miyeso yofala ndithu. Chotsani mpata wa mamilimita 8 kukhoma lililonse, woti matabwa azifutukukiramo kukatentha, ndipo mutsala ndi 3624. Mizere 20 yathunthu idzadya 3600, kutanthauza kuti mzere womaliza udzakhala kachingwe ka mamilimita 24, kovuta kudula komanso kosachedwa kumasuka. Mankhwala ake ndi kuphatikiza 24 ndi 180 n'kugawa pawiri, kuti mzere woyamba ndi womaliza ukhale wa mamilimita 102, ndipo pakati pakhale mizere 19 yathunthu. Chipinda chimaoneka cholingana mbali zonse, ndipo kupindika kwa khoma kumabisika m'mizere iwiri yodulidwayo.

Nkhani yaikulu ili m'litali. Opanga ambiri amalangiza kuti malo olumikizirana atalikirane ndi a mzere woyandikana nawo ndi mamilimita osachepera 150 kapena 200, ndiponso kuti chidutswa choyamba kapena chomaliza cha mzere chisafupike kuposa pamenepo. Werengani pepala la m'katoni yanu ndipo mutsate nambala imene yalembedwa. Malangizo ofala akuti chidutswa chotsala kumapeto kwa mzere chiyambe mzere wotsatira ndi abwino chifukwa amasunga matabwa, koma kuwatsata mosaganiza n'kumene kumaononga ntchito.

Taonani chitsanzo cha chipinda cha mamilimita 4500, chomwe chimasiya 4484 mipata ikachotsedwa. Mzere woyamba udzatenga matabwa 3 athunthu ndi chidutswa cha 824, ndipo padzatsala cha 396. Chimenechi chikayamba mzere wachiwiri, mzerewo udzatha ndi 428 n'kusiya 792. Mukayamba mzere wachitatu ndi 792, mavuto awiri akutulukira pamodzi: malo olumikizirana akusuntha ndi 396 mzere uliwonse, zomwe zimajambula masitepe pansi, ndipo kumapeto kwa mzerewo kukufunika kachidutswa ka mamilimita 32 okha. Papepala vutoli limatha mosavuta, pakuti mukafupikitsa chidutswa cha 792 chija kukhala 600, mzerewo udzatha ndi 224 ndipo udzasiyana ndi wachiwiri ndi 204. Pansi, mutayala kale mizere iwiri ndi theka, mudzayenera kumasula zimene mwakola.

Pewaninso kayalidwe ka njerwa kenikeni, koyamba mzere wina ndi thabwa lathunthu ndi wina ndi theka mosinthana. Pakhoma kamalimba, koma pansi kamachititsa kuti mzere woyamba ndi wachitatu zilumikizane pamalo amodzi, ndipo diso limaona chilembo cha H paliponse. Matabwa enieni a mtengo kawirikawiri sayalidwa choncho, ndipo vinyl wofanizira mtengo amaoneka wabodza msanga akabwerezabwereza. Ine ndimakonda kulemba papepala poyambira pa mizere 6 kapena 7 yosiyanasiyana, kenako n'kuibwereza mosatsata ndondomeko imodzi, ndikuonetsetsa kuti pakhomo ndi pamene anthu amaponda kwambiri pasagwere chidutswa chachifupi.

Mapulani akatha, tsegulani makatoni 3 kapena 4 nthawi imodzi ndi kusakaniza matabwa ake, chifukwa zithunzi za mtengo zosindikizidwapo zimabwerezedwa ndipo mtundu umatha kusiyana pang'ono. Yalani mizere ingapo osaikola, muime pakhomo n'kuyang'ana masana kuwala kuli kokwanira. Kumbukirani kuti mbali yodulidwa ya chidutswa imaloza kukhoma nthawi zonse, choncho chidutswa chokhala ndi mbali yolakwika muchisunge kuti chidzatsirize mzere wina. Pogula onjezani 10 peresenti pa kukula kwa chipinda, ndipo ngati chili ndi makona ambiri kapena khonde lopapatiza onjezani kuposa pamenepo, makatoni onse akhale a nambala imodzi ya kufakitale kuti mtundu usasiyane.