Thumba losefera mu centrifuge: musathamangire la timabowo tating'onoting'ono

Ambiri akafuna kulekanitsa timibulu ndi madzi mu centrifuge (makina ozungulira mwaliwiro lalikulu) amasankha thumba la timabowo tochepetsetsa, poopa kutaya kanthu. Zotsatira zake timabowo timatsekeka, madzi amakana kutuluka, ndipo timibulu timatsala chinyowere ngati phala.

Yambani mwayeza kukula kwa timibulu tanu. Sankhani timabowo tocheperapo pang'ono kuyerekeza ndi timibulu tambiri, osati kamodzi kakang'ono kwambiri. Timibulu toyamba tikaunjikana pansalu timapanga chikhakha, ndipo chikhakhacho ndiye chimasefa kwenikweni. Choncho madzi oyamba akatuluka ali mbuu, musadandaule, abwezereni m'makinamo. Akapitirizabe kutuluka choncho, pamenepo timabowo takula. Pothira, makina aziyenda pang'onopang'ono kaye, chifukwa liwiro lalikulu limakanikizira tizidutswa m'timabowo.

Samalani manambala pogula. Nambala ya mesh (kuchuluka kwa timabowo pa inchi imodzi ya nsalu) ikamakwera, timabowo timachepa: 100 mesh ndi pafupifupi ma micron 150 (ma micron 1,000 amapanga milimita imodzi), pomwe 325 mesh ndi pafupifupi 45.

Nsalu nayonso muiganizire. Nayiloni imadyeka ndi asidi, pomwe polypropylene (mtundu wa pulasitiki) imapirira asidi koma imafooka madzi akatentha kwambiri.