Kamangidwe ka mapulanga pa mtanda wa citsulo

Malangizo awa ndi a inu amisiri ocokera kwathu ku Zambia amene mukugwira nchito yomanga muno mu Johannesburg. Akukhudza pamene mwini nyumba wagwetsa cipupa ca pakati n'kuikapo mtanda wa citsulo, uja wooneka ngati cilembo ca I, ndipo pamwamba pake payenera kukhala mapulanga a denga kapena a cipinda ca m'mwamba.

Msomali sulowa m'citsulo cotere, ndipo waya si comangira denga. Njira yake ndi yakuti mugoneke pulanga limodzi pamsana pa mtanda wonsewo, mulimange ndi mabauti, kenaka mapulanga ena onse muwakhomere pa pulanga limeneli monga mucitira masiku onse.

Musanagwire dirilo, onani pulani ya injiniya. Mtanda ukasenza katundu, mlomo wake wa pansi (citsulo cafulati ca m'munsi mwa I ija) umakokeka, makamaka capakati, ndipo kuboola pamenepo ndi kuufooketsa. Boolani mlomo wa pamwamba, pokhapo pamene injiniya walola. Malamulo a zomangamanga kuno ali mu SANS 10400, gawo L ndilo la madenga, ndipo pulani yosintha nyumba iyenera kuvomerezedwa ndi khonsolo ya mzinda. Mwini nyumba akakufulumizani, muuzeni mwaulemu kuti, "Bwana, tiyembekeze injiniya aone."

Ku Buseko mu Lusaka tinazolowera kugula mapulanga pochula mainchi. Kuno amayeza mamilimita: 38 x 114, 38 x 152, 50 x 76. Sankhani pulanga la paini loongoka, lokwana m'lifupi mwa mlomo wa mtanda, ndipo muone cidindo cake coonetsa mlingo wa mankhwala olitetezera. H2 ndi ya m'kati mwa nyumba, H3 ndi ya panja pofika mvula. Mankhwala a CCA, aja obiriwira oteteza ku ciswe, ali ndi kopa, ndipo pakakhala cinyontho amadya citsulo cosatetezedwa. Conco pakani mtanda penti yoletsa dzimbiri, yalani pulasitiki ya DPC, ija yoletsa cinyontho, pakati pa citsulo ndi pulanga, ndipo mabauti akhale a galvanised, okutidwa ndi zinki yoletsa dzimbiri. Zidutswa za mapulanga amenewa musaziponye m'mbaula, ngakhale kuzizire bwanji mu Juni. Utsi ndi phulusa lake zili ndi poizoni wa arsenic.

Pa nchito wamba bauti ya M12, yonenepa mamilimita 12, imakwanira, ndipo bowo lake m'citsulo likhale la mamilimita 14. Kawirikawiri mabauti amatalikirana mamilimita 600, ina kumanja ina kumanzere, osati pamzere umodzi, koma pulani ikanena zina tsatirani pulani. Bauti yothera isayandikire kumapeto kwa pulanga kuposa mamilimita 100, kuopa kuti lingang'ambike.

Pobowola m'pamene ambiri amataya ndalama. Khomani kadontho ndi panchi kuti dirilo isaterereke, yambani ndi kano (kacitsulo kobowolera ka dirilo) kakang'ono, kenaka kakulu. Yendetsani makina pang'onopang'ono, mukukanikiza ndi mphamvu, ndipo muzidonthezera mafuta. Yang'anani zimene zikutuluka m'bowo. Zikamatuluka zazitali, zopotana ngati mpukutu, zonyezimira, kano kakudya bwino. Mukaona fumbi lokha, kano kakulira ndipo nsonga yasanduka yabuluu, mwathamanga, kano kapsa. Valani magalasi, cifukwa tizidutswa timeneti ndi totentha ndipo timalunjika m'maso. Mukatha panikizani pulanga pa mtanda ndi kilampu, mulembe mabowo kucokera pansi, kuti a pulanga akumane ndi a citsulo.

Ku mbali ya pulanga ikani washa wamkulu, wa mamilimita 50. Kawasha kakang'ono kamamira m'paini, ndipo sipanala imangozungulira bauti osagwira. Mangani mpaka washa atakhala bwino, osati mpaka pulanga litaphwanyika.

Pa citsulo copyapyala, monga ca mapelini (mitanda yokhomerapo malata), masikuluu odziboolera okha, aja a timapiko, amathandiza. Timapikoto timakulitsa bowo m'pulanga, tikafika pa citsulo timathyoka, sikuluu n'kuluma. Werengani pa bokosi kukhuthala kwa citsulo kumene angaboole. Ngati pulani ikufuna tizitsulo toocherera, wocherera amalize nchito yake mapulanga asanakwere, ndipo utuci wonse usesedwe.

Mapulanga a denga musawakhome ndi misomali yopendeka yokha. Mphepo ya mu Ogasiti ndi mkuntho wa mvula ya dzinja zimanyamula denga kucokera pansi, ndipo msomali wotere umazuka. Ikani ma hurricane clip, tizitsulo ta mabowo tomangira pulanga la denga ku pulanga la pansi pake, mbali zonse ziwiri, ndipo bowo lililonse lilandire msomali wake.

Cinthu cimene ndikupemphani kwambiri ndi ici. Johannesburg ili pamtunda wopitirira mamita 1,700, ndipo kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mpweya umauma gwaa. Pulanga limene munamanga mu Januwale lili ndi cinyontho limafota, ndipo nati imene munaimanga zolimba mudzaipeza ikuzungulira ndi zala. Pokhoma siling'i siyani kacitseko pafupi ndi mtanda, ndipo mugwirizane ndi mwini nyumba kuti mu Sepitembala mudzabweranso ndi sipanala ya 19 kudzamanga nati iliyonse.