Momwe mungaphunzitsire tizipangizo ta kudimba kudzisankhira tchanelo chopanda phokoso

Kudimba kwathu ku Ulóngue ndinakwirira tizipangizo tisanu topima chinyezi m'mizere ya kachewere. Tinkatumiza bwinobwino mpaka aneba ataika Wi-Fi, uthenga n'kuyamba kusowa. Mankhwala ake ndi omwe akatswiri amati cognitive radio, nzeru yomwe Joseph Mitola anatchukitsa mu 1999: wailesi iyambe yamvetsera, ilankhulire pomwe pali zii.

Kachipangizo kalikonse kafunika Arduino (kakompyuta kakang'ono komwe mumakalembera malamulo) ndi kawailesi ka nRF24L01+. Samalani pogula. Ine ndinaitanitsa 10 kwa mkulu wina wa pafoni chifukwa chotchipa, 4 tinafika takufa, mametikali anga osabwerera mpaka lero. Magetsi a kawailesika ndi 3.3V basi, mukapatsa 5V mwawotcha. Ikaninso capacitor ya 10 µF pakati pa VCC ndi GND, timiyendo ta magetsi ta kawailesika.

Kachipangizo kakunyumba, kolandira uthenga wochokera kudimba, ndiye mfumu. Kazimvetsera matchanelo 0 mpaka 83, ndiye kuti 2400 mpaka 2483 MHz. Kawailesika kamatha kufika 125, koma kumtunda uko ndi munda wa eni, ogawa mafunde ndi a INCM, bungwe loyang'anira zamtokoma ndi mtengatenga wa mauthenga ku Mozambique. Pa tchanelo chilichonse itanani testRPD(), lamulo la mu pulogalamu yoyendetsa kawailesika, kambirimbiri, imakuuzani ngati pali mafunde oposa -64 dBm. Chomwe chaphokosera pang'ono ndicho chanu.

Apa tsono ndi pomwe ndinalira. Mfumu inapeza tchanelo chabwino, inasamukirako usiku, anyamata ake, tizipangizo takudimba tija, ali mtulo posunga batire. Podzuka ankaitana pakale, woyankha palibe. Masiku atatu foni ikundionetsa manambala akalekale, ine n'kumati nthaka ndi yonyowa, chonsecho kachewere akufota. Ndinazula tonse, kusintha mabatire, kutukwana wogulitsa uja, vuto lili m'mutu mwanga momwe. Kuti zisakuchitikireni, sankhani tchanelo chimodzi chokumanirana chosasinthasintha, ine ndinatenga 80, kumtunda komwe Wi-Fi safikako kwenikweni. Kachipangizo kakatumiza katatu osayankhidwa, kabwerere kumeneko kakadikire. Mfumu izipitako mphindi iliyonse kukalengeza komwe yasamukira. Muiletsenso kusamukasamuka chifukwa cha kaphokoso ka foni ya wodutsa m'njira, idikire uthenga utayike kangapo motsatizana.

Zotsalazo n'zosavuta. Ikani m'mabotolo apulasitiki, mangirirani pansungwi pamwamba pa masamba, kasola kakang'ono pamwamba pake. Mukatero uzani aneba ayatse Wi-Fi yawo muone ngati tisamuka tonse.