Mmene ndimapangira makhadi a nyama za ku Luangwa ndi kusunga ogula

Makhadi anga oyamba ndinawadula ndi lumo pa katoni ya sopo, pakhonde pathu ku Kapata, m'tauni ya Chipata. Mwana wa mlongo wanga anali atabwera ndi makhadi 7 a Pokémon amene mnzake wa kusukulu anamugawira. Atawayala pamphasa anandifunsa kuti, "Amalume, nanga khadi la fisi lili kuti?" Funso limenelo linagona nane usiku wonse. Mwanayu amakhala ulendo wa maola ochepa kuchokera ku Mfuwe m'chigwa cha Luangwa, kumene alendo amalipira ndalama zambiri kuti adzaone nyalugwe, koma nyama zimene ankazidziwa mphamvu zake pamtima zinali zopeka za ku Japan. Kutacha tinayamba kupanga athu. Zimene ndikulemba pano ndi za inu amene mukufuna kuyesa, kaya mupange a nyama, a mpira kapena a mitengo ya kwanu.

Musathamangire kokasindikiza. Tengani katoni ya tiyi kapena ya sopo, dulani tizidutswa 20, lembani dzina ndi manambala ndi pensulo, kenaka sewerani. Chithunzi chidikire. Khadi limaoneka bwino likakhala patebulo, koma zolakwa zake zimaonekera m'manja mwa ana awiri amene aliyense akufuna kupambana.

Ifeyo tinasankha malamulo osavuta. Khadi lililonse lili ndi manambala atatu: mphamvu, liwiro ndi nzeru. Osewera amagawana makhadi mofanana, aliyense amatembenuza lapamwamba, amene ili nthawi yake amatchula chimodzi mwa zitatuzo, ndipo wa nambala yaikulu amatenga onse awiri. Tsiku loyamba masewero anatha msanga, chifukwa njovu tinaipatsa 10 pa mphamvu, 8 pa nzeru ndi 6 pa liwiro. Aliyense wogwira njovu ankadya anzake onse. Mwanayo anakwiya, ndipo anali ndi chifukwa.

Apa ndi pamene pagona ntchito yeniyeni. Tinapangana kuti khadi lililonse likhale ndi mapointi 15 okha ogawa pa zitatuzo, ndipo pasapezeke nambala yoposa 9. Njovu inakhala ndi mphamvu 9, nzeru 4, liwiro 2. Kalulu tinamupatsa mphamvu 1, liwiro 5, nzeru 9, monga amakhalira mu nthano zimene agogo ankatisimbira. Fulu anatenga liwiro 1, koma tinamulembera lamulo lakelake pansi pa khadi: akafanana manambala ndi mnzake, fulu ndiye wapambana. Chiuli, kanyama kosaopa chilichonse, sichingatengedwe pa mphamvu ndi nyama yoposa 8. Malamulo apadera otere musawachulutse. Pa makhadi 36 amene tili nawo, 6 okha ndi amene ali nalo, ndipo lililonse ndi chiganizo chimodzi chimene mwana wa giredi 4 angawerenge osafunsa munthu. Mukaona osewera akukangana pa tanthauzo la lamulo, cholakwa chili pa kalembedwe kanu. Fufutani, lembaninso. Ife tinasewera ndi makatoni milungu 5 tisanakhutire. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nyama zina ndinaziika dala kuti mwana afunse. Nyamalikiti ya Thornicroft imapezeka m'chigwa cha Luangwa mokha. Nyumbu ya Cookson nayonso ndi ya chigwa chomwecho, ndipo mbidzi ya Crawshay ili ndi mizere yopyapyala, yothinana kuposa mbidzi za kumwera. Makhadi atatuwa tinawapatsa mphepete yachikasu ndipo timasindikiza limodzilimodzi, kuti akhale osowa. Nkhwazi ya pa mbendera yathu ndi khadi lachinayi lotere.

Pali mutu umodzi umene ndinaukana. Mnzanga wina anati tipange makhadi a zilombo za Gule Wamkulu, poti zimakopa maso pa Kulamba ku Mkaika. Ayi. Za kudambwe zili ndi eni ake, ndipo si zoti ana aziponyerana pamphasa n'kumati ichi chadya icho. Chimodzimodzinso nkhope za mafumu athu, Kalonga Gawa Undi kapena Nkosi yamakosi Mpezeni: sizoikidwa manambala a mphamvu. Mitu ina ilipo yambiri. Ine ndikulakalaka tsiku lina kupanga a timu ya Chipolopolo imene inatenga chikho cha Africa mu 2012 ku Libreville, osungira m'nyumba basi.

Malamulo akakhazikika, yambani zojambula. Muyezo wa makhadi ogula a masewero a Pokémon ndi a Magic: The Gathering ndi mamilimita 63 m'lifupi ndi 88 m'litali. A Yu-Gi-Oh! ndi ochepako, 59 ndi 86. Sankhani woyambawo, chifukwa timatumba tapulasitiki ndi mapeji osungira makhadi zambiri zimapangidwira muyezo umenewo. Pa kompyuta mungagwiritse ntchito Inkscape kapena GIMP, zonse zaulere. Pa foni Canva imakwanira ngati bandulo ilipo. Ikani chithunzi pa 300 dpi, kutanthauza kuti khadi limodzi likhale pafupifupi mapikiselo 744 ndi 1039. Likachepera apo, ubweya wa mkango umatuluka ngati phala.

Zithunzi zathu amajambula mwanayo ndi bolopeni yakuda, n'kupaka makrayoni. Ine ndimazijambula ndi foni pamthunzi wa mango cha m'ma 9 koloko m'mawa, kuwala kusanafike poipa. Musatenge zithunzi za eni pa intaneti n'kumagulitsa, ndipo musaike chizindikiro cha Pokémon kapena kumbuyo kwake pa khadi lanu. Lanu lizioneka kuti ndi lanu. Pangani kumbuyo kwanu, lembani dzina la masewero anu, ndipo pansi ikani nambala monga 14/36.

Dzina la nyama likhale pamwamba ndipo manambala akhale kumanzere, chifukwa munthu akagwira makhadi angapo m'dzanja, mbali imeneyo ndi imene imaoneka. Zilembo zikhale zakuda pamalo oyera. Zofiira pa zobiriwira sizingawerengeke ndi tochi malaiti akapita.

Pa pepala la A4 pamakwana makhadi 9, atatu m'lifupi ndi atatu m'litali, ndiye 36 ndi mapepala 4. Agundanitseni popanda mpata, ndipo onse, kupatula osowa aja, akhale ndi mphepete ya mtundu umodzi yokwana mamilimita 3. Mukatero mpeni ukaphonya pang'ono sizioneka, komanso mzere umodzi umadula makhadi awiri. Sungani ngati PDF.

Tsopano mverani zimene zinandichitikira. Ndinapita ku shopu ina m'tauni muno, ndinalipira mapepala onse anayi, ndipo nditafika kunyumba rula inandiuza kuti makhadi achepa ndi mamilimita angapo. Wosindikizayo anali atasiya makina pa "Fit to page", mawu amene amauza makina kufinya chithunzi kuti chikwane mkati mwa malire ake. Muuzeni aike pa "Actual size" kapena 100%. Nyamulani rula m'thumba, musindikize pepala limodzi, yezani muli pomwepo, kenaka mulipire otsalawo. Funsaninso ngati makinawo ndi a leza. Inki ya makina a madzi imasuluka ndi thukuta la m'manja, ndipo mu Okutobala kuno thukuta silisowa.

Pepala labwino ndi lokhuthala, limene amalitcha la 300 gsm, koma si makina onse amene amalimeza. Njira imene ndimakonda ndi yosavuta kuposa apo. Ndimasindikiza pa pepala wamba, ndimadula, kenaka ndimalowetsa m'kathumba ka pulasitiki pamodzi ndi khadi lakale la njuga kumbuyo kwake kuti lilimbe. Timatumbati amalonda amatitcha ma sleeve, ndipo ine ndimaitanitsa ku Lusaka, timabwera pa basi. Ubwino wake ndi wakuti mukafuna kusintha nambala ya njati, mumangotulutsa kapepala kamodzi. Yezani kaye makhadi a njugawo, chifukwa ena amakhala ocheperako m'lifupi.

Podula gwiritsani ntchito rula yachitsulo ndi mpeni wakuthwa wa mapepala, pansi muike katoni yokhuthala. Musadinikize kuti mudule kamodzi. Dutsitsani mpeni katatu mofatsa. Ngodya zibulungeni ndi chowengera zikhadabo. Kudulaku ndimachita ndekha, mwana amangoyang'ana.

Mlongo wanga ataona makhadi a njuga m'nyumba anandiitanira pambali. "Achimwene, mwanayu musandiphunzitsire njuga." Nkhawa yake ndinaimva, chifukwa tonse tikudziwa mabanja amene makhadi anawadyera ndalama za feteleza. Ndinamuitana kuti akhale pamphasa aone masewero amodzi, ndipo tinaika lamulo pamaso pake: palibe kubetcha, ngakhale ngwee kapena switi, ndipo masewero akatha aliyense amabwezeredwa makhadi ake. Ngati mukupanga ndi ana a eni, yambani mwalankhula ndi makolo awo.

Nkhani ya makhadi ogula ndi ina. Magic: The Gathering inatuluka mu 1993, yopangidwa ndi Richard Garfield. Makhadi a Pokémon anayamba ku Japan mu 1996, a Yu-Gi-Oh! mu 1999. Pa zaka zonsezi atuluka makhadi miyandamiyanda, ndipo munthu wa ku Chipata sangawathe. Choncho sankhani chinthu chimodzi. Ine ndimasonkhanitsa a Pokémon okhawo ofanana ndi nyama za kwathu: Donphan amene ali ngati njovu, Girafarig wa khosi la nyamalikiti, Zebstrika wa mizere ya mbidzi, Hippowdon wa kamwa la mvuu, Krookodile wa ng'ona. Ambiri mwa amenewa ndi otchipa, ndipo ndikawaika peji limodzi moyang'anana ndi makhadi athu a Luangwa, fayiloyo imakamba nkhani yake. Khadi losalowa m'nkhaniyi, ngakhale linyezimire bwanji, ndimalisinthanitsa.

Khalani ndi kope. Lembani dzina la khadi, nambala yake yapansi, kumene munalipeza, tsiku, ndiponso ngati lili ndi chilema. Pa makhadi a Pokémon yang'anani kachizindikiro pafupi ndi nambalayo: kozungulira ndi khadi wamba, kadayamondi ndi lapakati, nyenyezi ndi losowa.

Abodza ndi ochuluka, makamaka otsika mtengo a m'mapaketi onyezimira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Khadi lenileni la Pokémon lili ndi kamzere kakuda pakati pa mapepala ake awiri. Musaling'ambe kuti mukaone, jambulani mphepete yake ndi foni n'kukulitsa chithunzi. Unikani ndi tochi kumbuyo: labodza limalola kuwala kwambiri. Onani ngati e wa mu Pokémon ali ndi kamzere kake pamwamba, ndipo ngati muli nalo limodzi limene mukulikhulupirira, yerekezani mtundu wa kumbuyo. Mwana akakhala ndi abodza musamuchititse manyazi, amasewereka ndithu. Ingowasungani padera, ndipo posinthana muzinena poyera kuti ili si lenileni. Posinthana ndi mwana, muuzeni mtengo weniweni wa khadi lake musanalilandire.

Khadi logula musalilamineti. Ndinataya Donphan wanga woyamba mwa njira imeneyo. Pulasitiki yotentha ikamata siichokanso, ndipo kwa osonkhanitsa khadi lotero latha ntchito. Musamange ndi labala, imadya mphepete. Lowetsani m'kathumba, kenaka m'peji ya matumba 9.

Adani enieni kuno ndi nyengo ndi tizilombo. Dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo, makhadi amamwa chinyezi, onyezimira amapindika ngati chigoba cha mtedza, ndipo nkhungu imamera m'ngodya za fayilo. Chiswe chikapeza katoni pansi, usiku umodzi umachikwanira. Mu Okutobala kutentha kwa malata kumafewetsa pulasitiki. Ine ndimaika mafayilo choimirira m'bokosi la pulasitiki lotseka bwino, pa shelefu yapakati, kutali ndi khoma la kunja ndi windo. M'katimo ndimaponya timapaketi toyamwa chinyezi timene timabwera m'mabokosi a nsapato zatsopano, ndipo ogulitsa nsapato ku Kapata amandisungira ndikawapempha. Loweruka loyamba la mwezi uliwonse wa mvula ndimatsegula bokosilo, ndimanunkhiza, ndimavundukula peji ndi peji, ndipo ndikapeza kathumba kochita mbuu ndimakasintha tsiku lomwelo.

Mwezi uno mwanayo wajambula mimbulu itatu pa khadi limodzi, ndipo akuumirira kuti ikhale ndi lamulo lakuti ikakumana ndi nswala izipambana nthawi zonse. Khadilo likadali la katoni ndi pensulo. Tilisewera Lamlungu tikachoka kutchalitchi, tione ngati nswala ikhala ndi mpata.